Maliro Amene Tinaletsedwa Kulira

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene amama anasiya kulankhula. Sikuti anaduka lilime ayi. Ukawafunsa ngati adya ankayankha, ukawauza kuti kwabwera alendo ankati "ee." Koma amama amene ndinkawadziwa ine, aja ankati akamakalipira munthu pamsika mawu n'kumveka mpaka kunjanji, anazimiririka m'nyumba mwathu momwemo ife tikuona. Lero ndine mayi wa ana anga, wotopa ndi mabasi a ku Lusaka m'mawa ndi madzulo, ndipo nkhaniyi ndakhala ndikuizengereza zaka zambiri chifukwa imanditopetsa kuposa mabasiwo.

Tinkakhala ku Kafue Estates. Atate ankagwira ntchito ya mashifiti ku fakitale ya feteleza, moti kunyumba ankangobwera kudzagona, ovolosi yawo ikununkha mankhwala obaya mphuno. Makolo anga onse awiri kwawo kunali ku Katete, anabwera kuno kutsata ntchito. Amama ankaoda repu, matimati ndi impwa ku Shimabala n'kumagulitsa pamsika. Ine Mwanida ndinali woyamba kubadwa, pambuyo panga panali alongo anga awiri, anyamata osamva ngati mbuzi.

Chaka chimenecho amama anali ndi pakati. Anagulitsa ndiwo mpaka mwezi womaliza, akupuma movutikira koma akuseka. Anagula beseni latsopano, matewera, ndi shawelo yoyera imene anaisankha pa salaula, pa mulu wa zovala zakale zogulitsa, n'kuichapa kawiri. Tsiku lina m'mawa anapita kuchipatala. Patapita masiku angapo anabwera manja ali zii, atagwiridwa mkono ndi ba Anti Esinati, mlongo wawo wamkulu wa atate, amene ankakhala ku komboni ya kutsidya kwa njanji. Pamene ndinkachokera kusukulu ndinapeza beseni, matewera ndi shawelo zonse palibe.

Ba Anti anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anali mayi wamtali, wa mawu okhuthala, wosazolowera kubwereza zimene wanena.

"Mvera iwe Mwanida," anatero. "Mwana sanabwere. Usafunse, usalire, usakambe na bantu. Wamvera?"

Ndinati ndamva. Nanga ndikanati chiyani?

Ndifotokoze pang'ono, chifukwa ana a masiku ano ena sazidziwa. Mwana akabadwa atafa kale, kwathu ku Katete amati nthayo, anansi athu a Chibemba ankati kapopo. Mwana wotere samupatsa dzina, sakhalira maliro, ndipo sayikidwa ndi amuna. Amayi aakulu ochepa amamutenga mwakachetechete n'kukamuyika okha, mayi wake akadali chigonere kuchipatala. Choletsedwa chachikulu ndi kulira. Amati mayi akalira amatseka njira ya ana ena obwera m'mbuyo. Choncho pakhomo pathu panalibe moto wa maliro, panalibe nyimbo, panalibe wobwera kudzapepesa. Tsiku lotsatira atate anapalasa njinga kupita kuntchito, ife tinapita kusukulu, ngati kuti amama anangokachotsa dzino.

Amama anamvera mwambo. Sanalire, ndipo ine ndine mboni. Atapezako mphamvu anabwerera kumsika, koma ankangokhala pabenchi maso ali patali, makasitomala n'kumapita kwa ena. Matimati ankawolera m'dengu. Kenako anasiya kupita. Anayamba kudzuka mochedwa, kenako kusadzuka n'komwe. Ankagona atayang'ana kukhoma kunja kukutentha, dzuwa lija la ku Kafue lowotcha malata mpaka kulira. Tsitsi linamangana. Kusamba mpaka uwakakamize. Nshima ndikawapatsa ankatema kawiri n'kukankha mbale, amvekere, "Nakhuta."

Ntchito zonse zinagwera ine. Kusesa, kutunga madzi pompi ikauma, kuchapa mayunifomu a anyamata aja, kuphika, kutsuka mbale. M'kalasi ndinkawodzera mpaka aphunzitsi anandikwapula pamaso pa anzanga, ati ndayamba ulesi. Sindinawauze kanthu, paja anati ndisakambe ndi anthu. Kunena zoona, masiku ena ndinkawakwiyira amama. Ndinkaimirira pakhomo la chipinda chawo ndili ndi tsache m'manja, mtima ukuwira, ndikudzifunsa kuti munthu wamkulu wosatentha thupi, wosatsokomola, wopanda bala, akugoneranji chonchi. Kenako ndinkawamvera chisoni, n'kudzida ndekha. Ndinali wotopa kwambiri moti sindinkadziwa kuti mwa ziwirizi cholondola n'chiti.

Anthu sanatitaye, ndisawanamizire. Amayi oyandikana nafe ankabwera, n'kuima pawindo. "Limbani mtima, amake Mwanida. Mukali bang'ono, muzabala bena." Amama ankati "ee." Achinyamata a pachalichi china cha Pentekosite anamva, nawonso anabwera masana ena, ali ndi Mabaibulo ndi mabotolo a mafuta. Anali ana abwino, ena ogulitsa pamsika, ena ogwira ntchito ku Lusaka. Anadzaza chipinda, anawagwira amama pamutu, anafuula kuti mzimu wa imfa utuluke, mpaka agalu a mzere wonse wa nyumba anayamba kuuwa. Amama anakhala pakati pawo ngati thumba la chimanga. Achinyamatawo atachoka amama anandiuza kuti nditseke chitseko, mutu ukuwawa. Mwa anthu onsewa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za mwana uja.

Atate nawo anali chete. Akaweruka ankaima pakhomo la chipinda, chipewa chili m'manja.

"Amake Mwanida, mwadya?"

"Ee."

Basi. Ankakhala panja pang'ono akupha udzudzu m'miyendo, kenako n'kukagona pampando wa pabalaza. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti alibe nazo ntchito.

Mvula itayamba, masukulu atatsekera, ba Anti anabwera Lamulungu masana n'kukhala ndi atate pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali pafupi ndikusankha nyemba, ndipo sanandithamangitse.

"Mulamu wanga mutu wasokonezeka," anatero ba Anti. "Ichi sichili cha mu tauni. Nimupeleke kwabo ku Katete, bakamuone babale bake. Bana nizasunga ine."

Ndinkadziwa tanthauzo la kuperekedwa kumudzi. Pa mzere wathu womwewo panali mayi wina amene anamuperekeza chonchi, ati akapumeko. Sanabwerenso. Chaka chisanathe m'nyumba muja munalowa mkazi wina, ana ake n'kumayendayenda osasamba. Ndinayang'ana atate kuti akane. Iwo anapukuta nkhope ndi manja onse awiri, nthawi yaitali.

"Nalema, ba sisi," anatero. "Chitani vamene mwaona."

Ndinasiya nyemba n'kuthamangira kuchipinda. Ndinawagwedeza amama paphewa mwamwano ndithu, zimene sindinachitepo. Ndinawauza kuti akufuna kuwatumiza kumudzi, ndinawapempha kuti adzuke, asambe, alankhule chilichonse, angoonetsa kuti ali bwino. Anatembenuka n'kundiyang'ana ndi maso ouma.

"Nalema, mwana wanga," anatero, n'kubwerera kukhoma.

Aliyense m'nyumba muja anali wotopa. Ine ndinatuluka n'kukamaliza nyemba zija, chifukwa anyamata anafunika kudya.

Tsiku la ulendo linafika. Ba Anti anawasambitsa amama, anawamanga duku, n'kulongedza zovala zawo m'chikwama chija cha mizeremizere. Anyamata tinawasiya kwa anansi. Ine ndinakakamira kuperekeza, ndipo atate, amene anali atangoweruka kumene, ananyamula chikwama paphewa. Tinayenda mpaka kumsewu waukulu wa ku Lusaka, kumene amama ndi ba Anti akanakwera minibasi kuti akapeze basi ya kum'mawa. Kunali kutagwa mvula, matope akumata m'mapatapata. Amama ankayenda pang'onopang'ono pakati pathu, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Ine ndinkangowerenga mapazi awo mumtima, ndikudziwa kuti mwina ndi komaliza kuyenda nawo.

Pasiteji panali phokoso la masiku onse. Malole akudutsa, azimayi akugulitsa chimanga chootcha, anyamata oitanira akufuula kuti Lusaka, Lusaka. Mmodzi anathamangira atate n'kuwalanda chikwama kuti akachiike m'basi. Apo m'pamene amama anatambasula dzanja. Anagwira chingwe cha chikwama, anachikoka mpaka mnyamata uja anachisiya, anachiika pansi n'kuchikhalira.

"Sinikwera," anatero.

Ba Anti anayang'ana uku ndi uku. "Mulamu, musatichititse nsoni pa bantu. Imani."

"Sinikwera mpaka munionetse pamene munamuika."

"Ndani?"

"Mwana wanga." Mawu anali osasa, a munthu amene wakhala nthawi yaitali osawagwiritsa ntchito, koma ankamveka bwinobwino. "Ninamunyamula ine. Anali kunichaya mumimba usiku na muzuba. Simunanionetse nkhope yake, simunaniuze ngati ni mwamuna olo mkazi. Manje mufuna niende ku Katete nimusiye kuno yeka?"

Azimayi a chimanga anasiya kukupiza moto. Ba Anti anawerama n'kulankhula motsitsa, mano ali pamodzi. Anati zinthu zimenezi sizikambidwa, anati amama akudziwa mwambo, anafunsa ngati akufuna kudzitsekera njira okha. Kenako anatembenukira kwa atate kuti alankhule ndi mkazi wawo.

Atate anali ataima pambali, maso ofiira ndi tulo. Ndinkayembekezera kuti anenanso kuti atopa.

"Ba sisi," anatero, "naine siniziba pamene alili. Nimapita pafupi na manda paja na njinga masiku yonse. Siniziba kwamene ningayangane."

Sindinawamvepo atate akulankhula ndi mawu otere. Kondakitala anamenya chitseko cha basi, amvekere, "Ba mayo, mukwera olo simukwera?" Atate anangomukwezera dzanja kuti azipita, ndipo basi inanyamuka.

Ba Anti anamanga chitenje chawo mwamphamvu n'kuyamba kuyenda. Tinawatsatira. Titayandikira kumanda anacheuka n'kundiloza, ati ine ndibwerere, ana salowa kumanda. Amama anandigwira dzanja.

"Musiyeni," anatero. "Ni mukulu wake."

Miyezi yonse ija ndinkangodziwa kuti kunyumba kwachitika chinthu choipa chimene sichitchulidwa. Sizinandifikepo m'mutu kuti ine ndinali ndi m'bale amene wamwalira.

Tinadutsa manda a anthu aakulu, a mitanda ndi maluwa apulasitiki, mpaka kumapeto kwenikweni, kumene tchire limayambira. Kumeneko n'kumene amayi amayika ana otere. Panalibe mtanda, panalibe dzina, panalibe ngakhale mwala. Panali timilu ting'onoting'ono, tina titaphwa ndi mvula, udzu watsopano utamera ponseponse. Ba Anti anaima. Anapita kutsogolo, anabwerera. Anapatula udzu ndi phazi.

"Panali kamutengo apa," anatero. "Tinakumba pafupi na kamutengo."

Kamtengo panalibe, mwina wina anakadula nkhuni. Mayi uja amene aliyense ankamuopa anazungulirazungulira pamenepo, thukuta likutsika m'khosi. Pomaliza analoza kamulu kena, kenako kena koyandikana nako.

"Ni apa. Olo apa. Mayo ine, siniziba."

Ndinaopa kuti amama akomoka kapena awagwira ba Anti pakhosi. Sanatero. Anapita n'kukhala pansi pamatope pakati pa timilu tiwiri tija, miyendo atatambasula, dzanja limodzi uku, lina uku.

"Anali chani?" anafunsa.

"Mukazi."

"Anali bwanji?"

Ba Anti anayang'ana timilu tija. Kenako anati, "Anali na tsitsi yambiri, yakuda bii. Tuminwe tutali monga twa atate bake. Ninamusambika neka. Ninamufunditsa shawelo ija munagula, sanagone pa dothi."

Apo amama analira. Ndakhala pa maliro ambiri chiyambire, koma kulira kotere sindinakumvenso. Kunayamba ngati kutsokomola, kenako kunatuluka konse. Anaitana mwana wopanda dzinayo, anamupepesa, anamufunsa chifukwa chake sanadikire. Atate ananjuta pambali, chipewa chili kumaso, mapewa akugwedezeka. Ine ndinalira chifukwa cha mng'ono wangayo, komanso ndisabise, ndinalira chifukwa cha kutopa kwanga. Ba Anti anayesa kunena kuti basi, basi, zakwana. Atanena kawiri anasiya, n'kukhala pansi nawonso monga amakhalira amayi pa maliro. Palibe amene anatithamangitsa. Tinachoka dzuwa litafika pamutu.

Pobwerera atate anali patsogolo ndi chikwama. Ba Anti ankayenda pafupi ndi ine, ndipo ndinawamva akulankhula, sindikudziwa ngati ankauza ine kapena ankadziuza okha. "Naine bana banga babili," anatero, "olo manda sininaone." Sanawonjezere, ndipo sanadzaitchulenso nkhaniyo mpaka imfa yawo.

Ndikanakonda kulemba kuti amama anachira tsiku lomwelo, koma likhala bodza. Madzulo ake anadya nshima pang'ono kuposa masiku onse, basi. M'mawa mwake anagonanso chakukhoma. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano atate ankalowa m'chipinda n'kukhala pabedi, ndipo ndinkawamva akulankhula motsitsa. Chikwama chinakhala pakona masiku angapo, kenako ba Anti anachimasula okha n'kubwezera zovala m'malo mwake. Za Katete palibe anazitchulanso.

Atate ndi amene anawatengera amama kukiliniki. Kumeneko anapeza nesi wina wachikulire amene sanathamangire kulemba mankhwala. Anawakhazika pansi n'kuwafunsa chimene chinachitika, ndipo anamvetsera mpaka pamapeto. Anawauza kuti chimene chawagwira ndi matenda a maganizo, amene amagwira amayi ambiri akataya mwana, ngakhale ena amene mwana wawo ali moyo. Anati si misala, si ziwanda, si ulesi. Anawalangiza kuti azibwera kudzacheza naye, azituluka panja m'mawa uliwonse ngakhale asakufuna, azidya pa nthawi yake, ndipo asamasiyidwe okha tsiku lonse. Kwa atate anati mwana wa sukulu asasenze nyumba yonse yekha.

Zinali zinthu zazing'ono, zotopetsa, zobwerezabwereza. Ba Anti anasamukira kwathu kwa kanthawi n'kutenga zophika ndi zochapa, akudandaula tsiku lililonse koma akuchita. Mnzawo wa amama wa pamsika ankabwera m'mawa n'kuima pakhomo mpaka amama atavala, n'kupita nawo ku Shimabala, poyamba kungoperekeza. Masiku ena amama ankabwerera panjira. Masiku ena ankalira akusankha repu, ndipo tinaphunzira kuwasiya alire. Nyengo yozizira itafika, tsiku lina ndinapsereza ndiwo, amama n'kundikalipira mpaka anansi anasuzumira pampanda. Ndinaima pamenepo ndikumwetulira ngati chitsiru, iwo n'kukwiya kwambiri.

Amama sanaberekenso. Ba Anti ankakhulupirira mumtima mwawo kuti ndi kulira kuja, ndinkaona m'maso mwawo. Amama ankati iwo ndi atate anangogwirizana kuti zakwana. Sindinayesepo kuweruza pakati pawo, ndipo ba Anti sindiwada. Anachita zimene nawonso anachitiridwa, ndipo ankaganiza kuti akutiteteza.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti munthu amatha kudwala popanda bala, ndipo chisoni chikatsekeredwa m'nyumba sichichoka, chimangodya mwini wake ndi onse okhala naye. Tonse tinkawauza amama zochita. Limbani mtima, dzukani, pempherani, iwalani. Palibe amene anawafunsa chimene akufuna, pamene iwo ankangofuna kudziwa kuti mwana wawo anali ndani ndipo wagona pati. Tinatsala pang'ono kuwakweza basi chifukwa cha funso limene tinkaopa kufunsa. Masiku ano mnzanga kuntchito akayamba kukhala chete, kapena ine ndemwe ndikaona kuti masabata akudutsa ndikungofuna kugona, sindinena kuti limba mtima. Ndimafunsa kuti chachitika n'chiyani, n'kukhala pansi, ngakhale nditatopa bwanji. Zikapitirira ndimati tiye kukiliniki, popanda manyazi.

Amama akadali ku Kafue, m'nyumba yomweyo, akalamba ndipo miyendo ikuvuta. Chaka chatha ndinawaperekeza kukayezetsa magazi. Tili pabenchi kudikira, mayi wina amene sitinkamudziwa anayamba kucheza nawo, monga amachitira anthu pamzere. Anandiloza n'kufunsa ngati ndine mwana wawo, kenako anati, "Muli nabo bangati?"

"Banayi," anatero amama. "Batatu bali moyo. Wotsiriza ni mukazi, anagona kuno ku Kafue."

Ananena mosatsitsa mawu, mosayang'ana kumbali. Mayi uja anati pepani. Amama anati zikomo, n'kusendera kutsogolo pabenchi chifukwa mzere unali utayenda.